Kusamuka ndi Banja Kupita Kunja: Kodi Ejenti Ngofunikadi?

Chaka chilichonse fodya akayamba kugulidwa ku Kanengo, soya ndi mtedza zikamatuluka m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndalama imaoneka pa Mponela. Ndi nyengo yomweyonso imene mauthenga amachuluka pa WhatsApp ndi pa Facebook: ntchito ku Canada, viza ya ku UK, banja lonse lipita, lipirani msanga malo atsala ochepa. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aphunzitsi, anamwino ndi amalonda ambiri a m'mbali mwa msewu wa M1 akuganizadi zokasaka moyo kwina pamodzi ndi ana awo. Maganizo amenewo si olakwika. Pomwe mabanja ambiri amagwera m'mbuna ndi pa funso lotsatira: tilembe munthu wotiyendetsera mapepala, kapena tichite tokha?

Gwirani mfundo iyi musanatulutse khobidi: viza imaperekedwa ndi boma la dziko lomwe mukupitako, osati ndi ejenti. Chomwe mlangizi woona angakugulitseni ndi nzeru ndi nthawi yake basi. Mabanja ambiri angathe okha. Ena ochepa amafunikadi katswiri, ndipo amenewo ayenera kulemba munthu amene dzina lake likupezeka m'kaundula wovomerezeka. Tsatirani ndondomeko iyi kuti mudziwe mbali yomwe banja lanu lili.

1. Dziwani kaye kuti mukulankhula ndi ndani

Anthu anayi osiyana amadzitchula dzina limodzi loti ejenti. Woyamba ndi dobadoba, amene amazungulira pa zipata za maofesi nkumati akufulumizitsirani pasipoti. Iyeyu alibe udindo uliwonse, ndipo ndalama ikalowa m'thumba mwake mulibe kokadandaula. Wachiwiri ndi transipota, wonyamula anthu ndi katundu kupita ku Joni kudzera pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Ntchito yake ndi mayendedwe, sangakupatseni chilolezo chokhala m'dziko la eni. Wachitatu ndi wolemba anthu ntchito m'malo mwa mabwana akunja. Wachinayi ndi mlangizi kapena loya wa malamulo olowera m'dziko, amene ali ndi laisensi ndipo akhoza kulangidwa akalakwitsa.

Mwa anayiwa, ndi womalizayu yekha amene muyenera kuganizira zomulipira kuti akulangizeni. Mufunseni munthuyo mosapita m'mbali kuti iye ndi uti.

2. Pezani khomo lomwe banja lonse lingalowere

Musayambe ndi kufuna ejenti, yambani ndi kufuna khomo. Makomo enieni ndi ochepa: ntchito yomwe bwana wake ndi wololedwa kulemba alendo, maphunziro, luso lomwe dzikolo likusowa, kapena kutsatira mkazi kapena mwamuna amene ali kale komweko movomerezeka. Pa khomo lililonse funsani kuti: kodi mkazi ndi ana amaloledwa kubwera nawo?

Yankho limasintha kawirikawiri. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, UK inaletsa olowa kumene pa ntchito yosamalira okalamba ndi odwala kutenga mabanja awo, ndipo mu Julayi 2025 inatsekeratu khomo lolemba anthu a ntchito imeneyi kuchokera kunja. Achinyamata oposa 200 amene ananyamuka mu Novembala 2023 kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel anapita pa mgwirizano wa munthu mmodzimmodzi, osati wa banja. Ku South Africa Mmalawi amalowa popanda viza kwa masiku 30 okha ngati mlendo. Masiku amenewo salola kugwira ntchito, ndipo malamulo a 2014 salola mlendo wamba kusintha chilolezo chake ali komweko. Wopyola masiku ake ndi mwezi woposa umodzi amaletsedwa kulowanso kwa zaka 5. Nalo dziko la America mu Ogasiti 2025 linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ofuna viza yokacheza.

Zonsezi zimalembedwa kwaulere pa masamba a intaneti a maboma eni ake, monga gov.uk ndi canada.ca. Gulani bando, khalani pansi ndi mwana kapena mnzanu wodziwa bwino Chingerezi, muwerenge nokha. Ngati khomo lomwe ejenti akunena simukulipeza pamenepo, ndiye kuti kulibe.

3. Konzani mapepala akumudzi, omwe palibe angakukonzereni

Gawo lalikulu la ntchito lili konkuno, ndipo limafuna miyendo yanu. Akuluakulu akhale ndi chiphaso cha unzika cha National Registration Bureau chomwe sichinathe ntchito. Mwana aliyense akhale ndi chiphaso chobadwira chosonyeza mayina a makolo. Yambirani ku ofesi ya NRB pa boma la Dowa kapena la Ntchisi. Aliyense, ngakhale wakhanda, afunika pasipoti yakeyake kuchokera ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo ofesi yapafupi ili ku Lilongwe. Kalata yosonyeza kuti mulibe mlandu imachokera kupolisi, komwe amatenga zidindo za zala; likulu lawo lili ku Area 30. Sonkhanitsaninso satifiketi za MANEB, za kukoleji, ndi makalata a komwe munagwirako ntchito.

Zinthu zitatu zimapunthwitsa mabanja a kwathu kuno. Choyamba ndi ukwati. Ambiri tinamanga banja pa chinkhoswe, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo, mudzi wonse ukudziwa. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wachikhalidwe, koma wa ku ofesi ya kazembe sadzaitana ankhoswe, adzafuna mtchatho wolembedwa. Kafunseni kwa DC momwe mungalembetsere.

Chachiwiri ndi ana. Pachichewa mwana wa mchemwali wanu amene mukumulera ndi mwana wanu, ndipo palibe angatsutse. Pa fomu ya viza sali choncho pokhapokha khothi litapereka chikalata chokupatsani mwanayo mwalamulo. Ngati muli ndi mwana wa banja loyamba, pafunika chilolezo cholembedwa cha kholo linalo, kapena chiphaso cha imfa ngati anatisiya. Mawu a malume, ngakhale ndi mwini mbumba, salowa m'malo mwa pepala limeneli.

Chachitatu ndi mayina. Ngati pa satifiketi ya MSCE pali dzina la agogo, pa chiphaso cha unzika pali la bambo, pa mtchatho pali la pfuko, konzani zimenezi mwalamulo musanatumize kanthu. Chimodzimodzinso masiku obadwa.

4. Yesani kulemera kwa nkhani yanu

Tsopano mungathe kuyankha funso lija. Mukhoza kuchita nokha ngati bwana kapena sukulu yakunja yakulandirani kale mwalamulo, mapepala a banja akugwirizana, palibe amene anakanidwapo viza kapena kuthamangitsidwapo m'dziko lina, ndipo m'nyumbamo muli wotha kuwerenga fomu modekha. Makampani ndi mayunivesite ambiri ali ndi ofesi yothandiza pa zimenezi popanda malipiro. Maboma a Canada ndi Australia amanena poyera kuti kukhala ndi mlangizi sikufulumizitsa yankho ndiponso sikutsimikiza kuti mupatsidwa viza.

Funani katswiri ngati wina m'banjamo anakanidwapo, anapyolapo masiku, anasungidwapo ku Lindela, malo osungirako alendo opanda mapepala ku South Africa, ndi kubwezedwa, ali ndi mbiri ya mlandu, ali ndi matenda ofuna chithandizo chokhalitsa, kapena ngati pali mwana amene nkhani ya omulera ndi yovuta. Pa nkhani zotere yankho limodzi lolakwika likhoza kutsekera banja lonse khomo kwa zaka.

Ilipo njira yapakati yomwe ambiri saidziwa: lipirani mlangizi wovomerezeka ola limodzi kapena awiri kuti aunike nkhani yanu, kapena kuti awerenge mafomu omwe mwadzaza nokha musanatumize. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kumupatsa ntchito yonse.

5. Mufufuzeni m'kaundula, osati pa Facebook

Safunsa anadya phula. Pemphani dzina lonse la mlangizi ndi nambala ya laisensi yake, kenako mukaiyang'ane nokha. Wa Canada apezeke m'kaundula wa College of Immigration and Citizenship Consultants, kapena akhale loya wolembetsedwa komweko. Lamuloli limakhudza aliyense wolandira malipiro, ngakhale ofesi yake ili ku Lilongwe. Dzina lake liyenera kulembedwa pa fomu ya IMM 5476, ndipo akakana kudzilemba pamenepo, musiyeni. Mlangizi wokhala ku UK akhale m'kaundula wa Immigration Advice Authority kapena akhale loya wovomerezeka, ndipo kampani yokulembani ntchito ipezeke pa mndandanda wa mabwana ololedwa womwe uli pa gov.uk. Wa Australia akhale ndi nambala ya Office of the Migration Agents Registration Authority. Ku South Africa, kuyambira 2014 wopempha viza amayenera kukaonekera yekha, choncho wokuuzani kuti mungomupatsa pasipoti mudikire kunyumba akukupezerani chidindo chabodza.

Konkuno, loya aliyense mungamufufuze ku Malawi Law Society, ndipo za kampani yotumiza anthu kuntchito zakunja kafunseni ku Unduna wa Zantchito. Akuba amathanso kuba dzina la mlangizi weniweni. Choncho mukapeza dzinalo m'kaundula, lembani kalata ku imelo yomwe ili m'kaundulamo, mufunse ngati munthu amene mukulankhula nayeyo ndi yemweyo.

6. Mgwirizano ulembedwe, ndalama ipite pang'onopang'ono

Musalipire popanda pepala losonyeza ntchito yomwe achite, mtengo wake, ndi zomwe zidzachitike viza ikakanidwa. Malipiro a mlangizi alembedwe padera, a boma padera. A boma lipirani nokha, kapena muone lisiti yeniyeni yokhala ndi dzina lanu. Perekani ndalama m'zigawo, gawo lililonse ntchito ina ikatha, kudzera ku akaunti ya kampani kubanki. Kutumiza mamiliyoni pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu amene simunamuonepo ndi kutaya dala.

Imelo ndi nambala ya foni zolembedwa pa fomu zikhale zanu, kuti makalata a boma azifika kwa inu. Mapasipoti ndi satifiketi zenizeni zikhale m'manja mwanu; mlangizi mupatseni mafotokope.

7. Werengani liwu lililonse musanasaine

Wosaina ndi inu, ndipo woyankha mlandu ndi inu. Ejenti akawonjezera zaka za ntchito zomwe simunagwire, akakonza sitetimenti yabodza ya kubanki, akasiya mwana mmodzi pa fomu kuti nkhani ipepuke, chilango chimagwera banja lanu. Canada imaletsa wonama kwa zaka 5. UK imatha kumutsekera kwa zaka 10. Kunena kuti sindimadziwa, anandilembera ndi ejenti, sikukupulumutsani. Mwana amene simunamulembe lero akhoza kudzakanizidwa kukutsatirani mawa. Lembani ana onse, ngakhale amene atsalire agogo awo.

8. Zizindikiro zoti mubwerere pomwepo

Thawani munthu wolonjeza kuti viza ituluka zivute zitani, wonena kuti ali ndi munthu wake mkati mwa ofesi ya kazembe, wokufulumizitsani kuti mulipire lero, wokugulitsani kalata ya ntchito, wokuuzani kuti mupite pa viza yokacheza zina mukakonzera komweko, kapena wofuna kusunga mapasipoti anu.

Kumbukirani amayi a kuno kwathu amene anatengedwa kupita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, nakapezeka akugwira ukapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Nkhani yawo inaululika kwambiri mu 2024 kudzera pa BBC, ndipo oposa 50 anabwerera kumudzi chifukwa cha khama la anthu ngati Pililani Mombe Nyoni. Ulendo wawo unayamba ndi ejenti wolankhula mokoma. Lamulo lathu loletsa kuzembetsa anthu la 2015 limapereka chilango cha zaka zofika 14 kundende, ndi zaka zofika 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana. Mukakayikira, kaneneni kupolisi ya Mponela.

Ife oyandikana ndi msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka tili ndi msampha winanso. Kusamutsira anthu othawa kwawo ku mayiko ena, komwe bungwe la UNHCR limayendetsa, ndi kwa othawa kwawo enieni ndipo n'kwaulere. Wokuuzani kuti angalowetse banja lanu pa mndandanda umenewo mukamulipira ndi wakuba, ndipo akukulowetsani mu mlandu.

9. Musagulitse munda viza isanalowe m'pasipoti

Khalani pansi ngati banja, muwerengetse mtengo wonse: mapasipoti, mayeso a Chingerezi monga IELTS, kupimidwa kuchipatala, malipiro a viza a munthu aliyense, matikiti, ndi ndalama yodyera miyezi yoyamba. Malipiro a mlangizi ndi kachigawo chabe. Ngati kuti mumulipire mufunika katapila, ndiye kuti ulendowo sunapse. Konzekerani chaka china.

Musasiye ntchito, musatulutse ana pasukulu, musagulitse munda, ng'ombe kapena nyumba kufikira viza ya aliyense itaoneka ndipo mwaitsimikiza nokha ku boma lomwe laipereka. Nthawi zina nzeru ndi yoti mmodzi atsogole movomerezeka, akaone nyumba ndi sukulu, ena atsatire pambuyo, bola mwatsimikiza kuti khomolo limalola banja kutsatira. Uzaninso akuluakulu a kumudzi za dzina la kampani, adiresi ya komwe mukupita, ndipo muwasiyire mafotokope a mapasipoti onse.

Sabata ino chitani zinthu ziwiri zokha. Tulutsani mapepala onse a m'nyumba mwanu muone ngati mayina ndi masiku akugwirizana, ndipo tsegulani tsamba la boma la dziko lomwe mukulifuna muwerenge ngati khomo lanu limalola ana. Mukamaliza ziwirizi mudzadziwa nokha ngati mukufunika mlangizi, ndipo mukadzakhala naye pansi mudzakhala ndi mafunso oti ayankhe.