Chotupa cha Pakhosi: Chithokomiro Wamba Kapena Khansa?

Okondedwa omvera a ku Ulongwe, Domue, Lifidzi, Calomue ndi midzi yonse ya m'malire, phunziro lathu mwezi uno ndi la chotupa cha pakhosi.

Chithokomiro n'chiyani?

Kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, kuli kachiwalo kooneka ngati gulugufe kotchedwa chithokomiro. Kamayendetsa kakulidwe ka thupi, kutentha kwake ndi kugunda kwa mtima. Kuti kagwire bwino ntchito kamafuna ayodini. M'madera a mapiri ngati kwathu kuno, mvula idakokolola ayodini m'nthaka kalekale, choncho zokolola zathu sizikhala naye wokwanira. Kachiwaloka kakamusowa kamatupa, ndipo ku chipatala amati bócio. Si ufiti ayi.

N'chifukwa chake boma la Mozambique lidalamula m'chaka cha 2000 kuti mchere wogulitsa uzikhala ndi ayodini. Malawi adakhazikitsa lamulo lotere mu 1995. Pogula mchere, kaya kuno kaya ku Lizulu, sankhani wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini. Usungeni m'chitini chovundikira, kutali ndi moto ndi dzuwa. Amayi oyembekezera asamale kwambiri, chifukwa kusowa kwa ayodini kumaononga ubongo wa mwana ali m'mimba.

Nanga khansa?

Zotupa zambiri za pakhosi si khansa, koma zina ndi khansa, ndipo imagwira amayi kwambiri kuposa abambo. Kawirikawiri imakula mwakachetechete, osapweteka.

M'chaka cha 1988, Masashi Yanagisawa ndi anzake ku Japan adatulukira kanthu ka m'thupi kotchedwa endothelin, komwe kamafinya mitsempha ya magazi. Pambuyo pake ofufuza adapeza kuti mtundu wofala wa khansa ya chithokomiro umapanga kanthuka kochuluka, ndipo kamalimbikitsa maselo odwalawo kuswana. Apa tikuona kuti khansa imadzikuza yokha. Mchere wa ayodini umateteza ku chithokomiro wamba, koma sungasungunule khansa.

Zizindikiro zothamangira nazo ku chipatala

1. Chotupa cholimba ngati mwala, kapena chokula msanga.
2. Mawu osasa kwa masabata angapo popanda chimfine.
3. Kuvutika kumeza kapena kupuma.
4. Mwanabele wa m'khosi wosaphwa.

Mukaona chimodzi mwa izi, pitani ku chipatala chapafupi kapena ku Hospital Rural ya Ulongwe. Akakutumizani ku Tete kukapimidwa, musazengereze. Musatemetse mphini pachotupa, ndipo musachibise ndi mpango. Khansa ya chithokomiro ndi imodzi mwa khansa zomwe zimachizika bwino ndi opaleshoni ikapezeka msanga.

Abambo, mayi wa kunyumba akadandaula za khosi, musadikire kuti mugulitse kaye mbatatesi. Mupezereni ndalama yoyendera ndipo mumuperekeze.

Funso lokambirana m'magulu a omvera: kodi mchere womwe uli m'nyumba mwanu lero uli ndi ayodini? Mwadziwa bwanji?