Masewera a Ana m'Masukulu a Kunyanja

Pofika mwezi wa October, dzuwa la ku Mangochi liwawa kotero kuti nthawi ya 10 koloko malata a sukulu atentha kale ngati chiwaya. M'kati mwake ana akhala pansi mothithikana, miyendo atapinda, ndipo mphunzitsi poona mitu ikuwerama ndi tulo ayesa kuti ndi ulesi. Kawirikawiri si ulesi ai. Thupi la mwana silinazolowere kukhala malo amodzi maola ambiri. Likakhala chete nthawi yaitali maganizo nawonso afooka, ndipo mawu a mphunzitsi angopita padera.

Kuthithikanaku kunakula m'chaka cha 1994, pamene boma linathetsa fizi m'masukulu a pulaimale, ndipo ana olembetsa anachuluka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kuyambira 2007 masewera olimbitsa thupi anaphatikizidwa ndi nyimbo ndi luso la manja m'phunziro limodzi lotchedwa Expressive Arts. Tsono popeza mayeso a Sitandade 8 alembedwa papepala, mphunzitsi akopeka msanga kutenga nthawi ya pabwalo ndi kuipereka ku masamu. Achita ichi pofunira ana zabwino, koma alakwa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza m'chaka cha 2020 kuti ana a zaka 5 kufikira 17 azigwiritsa ntchito thupi mphindi 60 pa tsiku, mwa njira yoti mtima ugunde msanga, ndipo masiku atatu pa sabata azichita zolimbitsa minofu ndi mafupa, monga kudumpha ndi kuthamanga.

Makolo a ku Malindi kapena ku Makawa angayankhe kuti: "Mwana wathu ayenda mtunda wautali, atunga madzi, athandiza kukoka khoka. Masewera ngachiyaninso?" Mawuwa ali ndi zoona zake, ndipo mwana wotere sayenera kuthamangitsidwa mpaka kulefuka. Koma ntchito ya mbandakucha siichotsa tulo ta m'kalasi, ndiponso ana sali ofanana. Wina wa pa boma afika pa kabaza osatuluka ndi thukuta lomwe. Atsikana a Sitandade 6 ndi 7 ndiwo otayika koposa: pa nthawi yopuma anyamata alanda bwalo lonse ndi mpira wawo wachikulunga, iwo nangokhala pansi pa mtengo chifukwa cha manyazi. Mphunzitsi wanzeru awadulira malo awo a ntchemberembaye, fulaye ndi jingo, naimirira pomwepo kuti anyamata asawalande.

Chitsanzo chothandiza chichokera ku Scotland. M'chaka cha 2012 Elaine Wyllie, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya St Ninian's mu mzinda wa Stirling, anaona kuti ana ake alephera kuthamanga mozungulira bwalo. Anayamba kuwatulutsa mphindi 15 tsiku lililonse kuti athamange kapena kuyenda, opanda zovala zamasewera, opanda mpikisano. Njirayi, yotchedwa Daily Mile, inafalikira m'mayiko ambiri chifukwa siifuna ndalama.

Koma Stirling ndi dziko lozizira, ndipo wotengera njirayi ku Monkey Bay osaganiza adzakomola ana. Kunyanja mphindizo ziyenera kukhala za m'mawa dzuwa lisanakwere, madzi akumwa ali pafupi. Kumene ana alandira phala pasukulu, adye poyamba ndi kupuma pang'ono, pakuti mwana wanjala sathamanga. Dzuwa likakula, akwanira kuimirira m'kalasi momwemo mphindi ziwiri kapena zitatu, kutambasula manja, kuwomba m'manja ndi kuwerenga matebulo a masamu akuponda pansi. M'mwezi wa Ramadan ana achisilamu osala kudya asakakamizidwe. Kuyenda pamthunzi kuwakwanira.

Ndiponso Mangochi ali nacho chake chosafunika kubwereka, ndicho beni. Gule ameneyu atsanzira kuguba kwa asilikali a kale, ndipo ali ndi mizere, kuponda, kutembenuka ndi kumvera wotsogolera. Ng'oma imodzi ndi wezulo zikwanira kalasi lonse, ndipo mwana amene akana kuthamanga sakana beni.

Za kusambira zifuna chenjezo. Kusambira kulimbitsa thupi lonse, koma m'madzi odekha a m'mbali mwa nyanja, mu Shire ndi ku Malombe mukhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo, timene tilowa pakhungu mwana ali m'madzi. Chifukwa chake mphunzitsi asatengere ana kumadzi otere poyesa kuti ndi masewera. Ndipo mwana amene atopa msanga pabwalo, kapena anena kuti akodza magazi, asadzudzulidwe pamaso pa anzake. Makolo ake auzidwe tsiku lomwelo kuti apite naye kuchipatala, kumene mankhwala a praziquantel achiza matendawa.