Ngozi ya Mankhwala Oŵaula M'mero

Chakudya chimene timadya chimadzera m'mero popita m'mimba. M'mero ndi kanjira kofeŵa, ndipo mwa munthu wamkulu kamatalika pafupifupi masentimita 25.

M'makomo ena m'boma la Phalombe mumapezeka mankhwala amene angathe kuononga kanjira kameneka. Ena mwa mankhwalaŵa ndi asidi wa m'mabatire ndi soda wopangira sopo. Soda ameneyu ndi wosiyana ndi uja amayi amaphikira thelere. Akamsungunula amaoneka ngati madzi. Tsono munthu akamthira m'botolo la zakumwa ndi kuliika pansi, kamwana kaludzu kamangotenga ndi kumwa. Mankhwala otere ayenera kukhala m'chotengera chake chotseka bwino, pamalo pamene ana sangafike.

Mwana akamwa soda kapena asidi amalira, amatuluka dovu, ndipo amakana kumeza. Nthaŵi zina m'kamwa simuoneka chilonda, pamene m'mero mwapsa kwambiri.

Kodi mng'ono wanu atamwa mankhwalaŵa mungatani? Itanani akuluakulu msanga. Musamsanzitse, pakuti mankhwalawo pobwerera amaŵaulanso m'mero kachiŵiri. Musammwetse mandimu, mafuta kapena mankhwala azitsamba, ndipo musampatse chakudya. Mtsukeni pamilomo ndi madzi oyera. Kenaka athamangire naye kuchipatala, monga cha boma ku Migowi kapena cha Holy Family, atatenga botolo lija kuti adokotala adziŵe chimene wamwa.

Vuto lalikulu limadza pambuyo pake. Mwina munaonapo munthu amene anapsa ndi moto padzanja. Chilonda chikapola pamatsala chipsera chimene chimakoka khungu, kotero kuti zala sizitambasuka. M'mero namo zimachitika chimodzimodzi. Pakapita masabata atatu kapena kuposerapo, chipsera chimayamba kukoka, kanjira kaja nkumachepa. Poyamba mwana amalephera kumeza nsima. Pambuyo pake phala nalo limakanika, mwinanso madzi amene. Mwanayo amaonda ngakhale kuti chakudya chili m'nkhokwe.

Chifukwa cha ichi adokotala amafuna kumuona mwanayo tsiku lomwelo. Amene wapsa kwambiri amamtumiza ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene m'chaka cha 2017 anatsegulako malo ochitira ana opaleshoni otchedwa Mercy James. Adokotala amasuzumira m'mero ndi kachipangizo kokhala ndi nyali. Akapeza kuti njira yayamba kuchepa amaifutukula pang'onopang'ono ndi timachubu, ndipo ntchitoyi amaibwereza kangapo. Makolo ena amaleka kupita naye mwana akaona kuti wayambanso kuseŵera. Kumeneko ndi kulakwa, chifukwa chipsera chimapitirira kukoka mwakachetechete.

Mafunso

1. Kodi m'mero umagwira ntchito yanji?
2. Tchulani mankhwala aŵiri amene amaŵaula m'mero.
3. Nchifukwa ninji sitiyenera kusanzitsa mwana amene wamwa soda?
4. Fotokozani mmene chipsera chimachepetsera m'mero.