Macheka a Magetsi

Mzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko la Malaŵi kufikira chaka cha 1975, uli m'tsinde mwa phiri lalitali mamita oposa 2,000. Pamwamba pa phirili, pamene pachokera mtsinje wa Mulunguzi, padabzalidwa mitengo ya paini. Kuyambira kale anthu akhala akucheka mitengoyi ndi macheka a manja, wina ataima pamwamba pa chipika, mnzake ali m'dzenje. Matabwa ake amatsika nawo pamutu kupita kumzinda, kumene amisiri amapangira zitseko, mipando ndi madesiki.

Tsiku lina ana a Sitandade 5 anapita kukaona sukulu ina yophunzitsa ntchito zamanja. M'nyumba yopalira matabwa anapezamo macheka a magetsi, chitsulo chozungulira cha mano akuthwa chotulukira pakati pa tebulo.

"Ana inu, imani kuseri kwa mzere uwo," anatero mphunzitsi wa ukalipentala. "Macheka aŵa amazungulira koposa ka 3,000 pa mphindi imodzi. Sasiyanitsa thabwa ndi chala."

Wophunzira wina wamkulu anayamba kucheka. Poyamba anapinda mikono ya malaya ake kuti isakodwe. Anavala magalasi oteteza maso ku utuchi ndiponso zotseka m'makutu. Anayang'ana ngati m'thabwamo munalibe misomali, natsitsa chotchingira mano. Iye sanaime molunjika kumbuyo kwa thabwa, pakuti thabwa likapanika machekawo limabwerera mwamphamvu. Litatsala pang'ono kutha, analikankha ndi kamtengo osati ndi dzanja.

Mwadzidzidzi magetsi anazima ndipo macheka anaima. Wophunzira uja anapita kukaona kunja. Pamenepo mnyamata wina wa Sitandade 5 anadumpha mzere uja, natambasula dzanja kuti atole kachidutswa kokongola kamene kanali pafupi ndi mano.

"Iwe, leka!" anafuula mphunzitsi namkokera m'mbuyo. Nthaŵi yomweyo magetsi anayakanso. Macheka anayamba kuzungulira okha, ndipo kachidutswa kaja kanauluka n'kukagunda khoma. Mnyamatayo anangoti kakasi, akuyang'ana zala zake.

Mphunzitsi anazimitsa makinawo nazula pulagi. "Palakwika ziŵiri," anatero. "Magetsi akazima, wocheka ayenera kuzimitsa swichi asanachoke. Ndipo munthu sayika dzanja pafupi ndi mano, ngakhale aoneke ngati aima. Tizidutswa ndi utuchi timachotsa ndi burashi, pulagi itazulidwa."

"Pepani aphunzitsi, sindidzachitanso," anatero mnyamata uja.

"Thabwa likaonongeka tigula lina, mwana wanga, koma chala sichiphuka," anayankha mphunzitsiyo. "Macheka otere si a ana. Ngakhale wamkulu sawagwira asanaphunzitsidwe."

Mau Ofunika Kudziŵa
utuchi, chipika, chotchingira, pulagi, kakasi

Mafunso
1. Kodi ndi mitengo yanji imene idabzalidwa pa phiri la Zomba?
2. Fotokozani m'mene anthu aŵiri amachekera chipika ndi macheka a manja.
3. Tchulani zinthu zinayi zimene wophunzira uja anachita asanayambe kucheka.
4. N'chifukwa chiyani wocheka saima kumbuyo kwa thabwa?
5. Kodi wocheka ayenera kutani magetsi akazima?
6. Mphunzitsi anatanthauzanji ponena kuti chala sichiphuka?