Kuwerenga Odwala Osaoneka: Phunziro pa Nthenda ya Kala-azar

Tikafuna kudziwa ngati mbozi zalowa m'munda wa chimanga, sitiima m'mphepete n'kuwerenga mbewu zofota zokha. Timalowa m'mizere ndi kusuzumira ngakhale m'mbewu zobiriwira. Azaumoyo amachitanso chimodzimodzi poyeza kufala kwa kala-azar.

Nthendayi si yofala kwathu kuno, koma imasautsa alimi anzathu ku Sudan, South Sudan, Ethiopia ndi Kenya. Imayamba ndi kachilombo kotchedwa Leishmania, kamene kamalowa m'thupi munthu akalumidwa ndi kantchentche kochepa kuposa udzudzu. Wodwala amatentha thupi kwa milungu yambiri, amaonda, magazi amachepa ndipo kapamba amatupa. Popanda mankhwala, odwala oposa 95 mwa 100 alionse amamwalira. Ku Humera ndi ku Metema m'dziko la Ethiopia, aganyu okolola chitowe amaitenga pogona panja m'minda ya dothi lakuda long'ambika.

Bungwe la WHO limayerekeza kuti chaka chilichonse anthu 50,000 mpaka 90,000 amadwala nthendayi, koma osakwana theka ndiwo amalembedwa. Kaundula wa chipatala amangoonetsa amene anakwanitsa kufikako. Komanso anthu ambiri amatenga kachilomboka koma osadwala.

N'chifukwa chake ofufuza amapita kumidzi, nalemba anthu khomo ndi khomo, nayeza odwala ndi athanzi omwe. Dontho la magazi a pachala pa kachipangizo ka rK39, kapena kuyeza kwa DAT, kumaonetsa ngati thupi linakumanapo ndi kachilomboka. Njira ina ndiyo kubaya kamankhwala pakhungu la mkono: pakatupa mamilimita 5 kapena kuposerapo patapita masiku awiri kapena atatu, munthuyo anakatengapo kale. Akabwereranso pakatha chaka, amene poyamba analibe chizindikiro koma tsopano ali nacho ndiwo amasonyeza liwiro limene nthenda ikufalira.

Kuwerenga kolondola kumauza boma kumene liyenera kutumiza mankhwala ndi maneti. Mu 2023 dziko la Bangladesh linavomerezedwa kuti lagonjetsa kala-azar, litasonyeza kwa zaka zitatu zotsatizana kuti m'dera lililonse odwala sanafike mmodzi pa anthu 10,000.

Mafunso okambirana:
1. N'chifukwa chiyani kaundula wa chipatala sakwanira?
2. Nanga ife, timalemba ziweto zakufa zokha, kapena timayendera khola lonse?