Khobidi la siliva lifunseni chaka chake

Pathebulo pano pali makalata atatu ochokera madera otalikirana, koma onse akufunsa za makobidi a siliva, aja anthu amagula kuti asungiremo chuma, osati ogulira mchere pagolosale.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Akuti: "Ndili ndi makobidi awiri a American Silver Eagle, la 2007 ndi la 2022. Kumbuyo kwake ziwombankhanga n'zosiyana. Kodi limodzi ndi lachinyengo?"

Bambo, mtima m'malo. Kusiyana kumeneko pakokha si umboni wa chinyengo, ndipo zikanafanana m'pamene ndikanada nkhawa. Khobidi limeneli linayamba kusulidwa mu 1986. Kutsogolo kuli mayi woimira ufulu akuyenda, chithunzi cha Adolph Weinman chomwe chinayamba kuoneka pa theka la dola mu 1916. Kumbuyo, kwa zaka 35, kunali chiwombankhanga cha John Mercanti, chotambasula mapiko kuseri kwa chishango, nyenyezi 13 zili pamwamba pa mutu. Pakati pa chaka cha 2021 boma la America linachichotsa n'kuikapo cha Emily Damstra, chomwe chikutera chitanyamula nthambi kumapazi. Choncho la 2007 liyenera kukhala ndi chishango, la 2022 liyenera kukhala ndi nthambi, ndipo a 2021 alipo a mitundu yonse iwiri. Tengani la 2022 lija, muyendetse chikhadabo pa timano ta m'mphepete mwake. Mupeza malo amodzi pamene dzino palibe, ngati mpata wa m'kamwa mwa mwana amene waguluka mano. Mpatawo anausiya dala osula ndalamawo pofuna kuvutitsa opanga zabodza. Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi yakuti khobidi silifanizidwa ndi linzake la chaka china. Limafanizidwa ndi mmene osula ake analipangira m'chaka chimene chalembedwapo.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Leeds, ku Britain. Akuti amva kuti Silver Eagle ya 2008 yokhala ndi zilembo zakale ndi yodula kwambiri, ndipo iwo ali nayo ya 2008, kodi alemera?

Mayi, zimene mwamvazo n'zoona, koma zili ndi malire ake. Mu 2008 osula ndalama ku America anasinthako kalembedwe ka zilembo zakumbuyo. Yang'anani chilembo U m'mawu akuti UNITED. Pa makobidi a 2007 kubwerera m'mbuyo, U ameneyu ndi wosalala ngati m'munsi mwa mphika, alibe mwendo. Kuyambira 2008 ali ndi kamwendo kumunsi, mbali ya kumanja, kokhala ngati u wamng'ono amene timalemba ndi dzanja. Ndiye zinachitika kuti ku malo osulira ndalama a ku West Point makobidi ena a 2008 anadindidwa kumbuyo ndi zidindo zakale za 2007, pafupifupi 47,000, ndipo amenewa ndiwo osonkhanitsa makobidi amalimbirana. Kuti lanu likhale m'gulu limeneli, kutsogolo kukhale 2008, kumbuyo kukhale kachilembo W ka West Point, ndipo U akhale wopanda mwendo. Makobidi wamba a chaka chimenecho, amene anasulidwa mamiliyoni ambirimbiri, alibe W n'komwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha: khalani pafupi ndi windo masana, mutenge galasi lokulitsa zinthu, khobidilo mulipendeketse pang'ono kuti kuwala kugwere cham'mbali. Ndikupemphani chinthu chimodzi ndi mtima wonse, musalikweche ndi phulusa kapena mchenga ngati poto poti liwale. Timikwingwirima timene mungasiyepo timagwetsa mtengo wa khobidi losowa, ndipo sitifufutika.

Onani apa kusiyana kwa nkhani ziwirizi. Kusintha kwa 2021 kunakhudza makobidi onse otsatira, motero sikuwonjezera mtengo wa khobidi lililonse. Kwa 2008 kunali kuphonya kwa pa ntchito komwe kunagwera ochepa. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa kwa khobidilo, kusiyana kwa maonekedwe kumangotithandiza kulizindikira.

Kalata yachitatu ikunditsutsa, ndipo ndaikonda. Mnyamata wina wa ku Lilongwe akuti: "Siliva ndi siliva. Ndikaika pasikelo n'kupeza kulemera koyenera, za zilembo ndi zithunzi zindikhudza bwanji?"

Achimwene, mbali ina mukunena zoona. Mtengo wa makobidi ambiri otere umatsata mtengo wa siliva pa msika wa dziko lonse, ndipo dola imodzi yolembedwa pa Silver Eagle kapena madola asanu a pa Maple Leaf ya ku Canada ndi dzina chabe. Sikelo ndi yofunika, maginito nayonso, pakuti siliva samamatira ku maginito. Koma kulemera koyenera kumene mukunenako, mukudziwa bwanji popanda kuwerenga chaka? Aunsi imodzi ya zitsulo zamtengo wapatali ndi magalamu 31.1. Panda ya ku China inkalemera choncho mpaka 2015, koma kuyambira 2016 imalemera magalamu 30. Munthu wodalira sikelo yokha angakane Panda yeniyeni ya 2018 poganiza kuti yaperewera. Ndipo ya 2015 inatuluka osalembedwapo kulemera kwake n'komwe, zimene zingaopse wosadziwa. Britannia ya ku Britain, kuyambira 1997 mpaka 2012, inali ya siliva wa 958 pa 1,000, choncho inkalemera kupitirira magalamu 32 kuti siliva weniweni akwane aunsi imodzi. Mu 2013 inasanduka ya 999 pa 1,000, n'kupepukako. Sikelo ikuuzani nambala, koma chaka ndicho chikuuzeni ngati nambalayo ili yolondola.

Mwina muyankha kuti opanga zabodza nawonso amatha kukopera zilembo. Amatha ndithu, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: khobidi la mkuwa lokutidwa ndi siliva limawala bwino lomwe. N'chifukwa chake sindikunena kuti mutaye sikelo. Koma wachinyengo amagwidwa msanga posakaniza zaka, chifukwa chidindo chimodzi chakumbuyo amachigwiritsa ntchito pa zaka zosiyanasiyana. Maple Leaf kuyambira 2014 ili ndi timizere topyapyala tochoka pakati kupita m'mphepete ngati kuwala kwa dzuwa, ndiponso katsamba kakang'ono kokhala ndi manambala awiri omaliza a chakacho m'kati mwake. Ikakhala yolembedwa 2016 koma kumbuyo kuli see, popanda timizere ndi katsambako, funsani mafunso ambiri musanatulutse ndalama. Britannia kuyambira 2021 ili ndi kabwalo kamene mukapendeketsa khobidi kamaonetsa loko, kenako foloko ya mano atatu. Nkhope nazo zili ndi nthawi yake: Mfumu Charles III inayamba kuoneka pa Britannia ya 2023, moti khobidi lolembedwa 2019 lokhala ndi nkhope yake ladziulula lokha.

Ndibwerere kwa inu bambo a ku Johannesburg, popeza kumeneko mukumana ndi Krugerrand. Yagolide inayamba mu 1967, koma yasiliva inatuluka koyamba mu 2017, pokumbukira kuti yagolideyo yakwanitsa zaka 50, ndipo yogulitsidwa kwa aliyense pa mtengo wa siliva inayamba mu 2018. Wina akakuonetsani Krugerrand yasiliva yolembedwa 1985, musavutike n'kufunafuna sikelo, mubwezereni.