Pamene "iye" agawika patatu: kuphunzitsa he, she ndi it kucokera ku Cinyanja

Mwana wa ku Angónia kapena wa m'mbali mwa nyanja ku Niassa akamayamba Cingerezi, amakhala atadziwa kale zinenero ziwiri, ndipo ciliconse cimagawa maina mwa njira yake. Zambiri zimene timaconga m'kope mwake zimacokera pamenepa. Wophunzira amene wanena he pokamba za amayi ake sanasokonezeke mutu ayi. Akutsata lamulo la cinenero ca kwawo, ndipo tikalola anzake kumuseka, mawa sadzakwezanso mkono.

M'Cinyanja, mlowam'malo "iye" safunsa ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Maina athu ali m'magulu, ndipo gulu ndilo limalamula mneni: mtengo wagwa, cipatso cagwa, dzira lagwa. Tikafuna kusiyanitsa, timawonjezera mawu, monga mwana wamkazi, kapena timakhala ndi maina awiri, monga tambala ndi thadzi. Cipwitikizi cimaika dzina lililonse ku mbali yacimuna kapena yacikazi, ngakhale la cinthu copanda moyo: o livro, a mesa. Cingerezi ca masiku ano cimayang'ana cinthu ceniceni. Mwamuna ndi he, mkazi ndi she, buku ndi tebulo zonse ndi it. Kale sizinali conco. Cingerezi cakale cinali ndi magulu atatu, ndipo mawu akuti wif, amene anabala wife, sanali m'gulu lacikazi nkomwe. Dongosolo limenelo linazimirira pang'onopang'ono pakati pa zaka za 1100 ndi 1400.

Motero mwana amakokedwa mbali ziwiri. Cinyanja cimamucititsa kuchula aliyense ndi he, pamene Cipwitikizi cimamucititsa kunena she pokamba za tebulo. Palinso ulemu wathu: amene anazolowera kunena kuti "agogo abwera, iwo atopa" adzafuna kuika they pamene buku likuyembekeza she.

Povuta penipeni ndi pa mawu osonyeza umwini, ndipo apa tisathamange. Timati buku lake, mwana wake, cipewa cake: mawu amasintha potsata cinthuco, osati mwini wake. Cipwitikizi cimacitanso cimodzimodzi: o seu pai, a sua mãe. Zinenero ziwiri zimene mwana akuzidziwa zagwirizana, koma Cingerezi cimatembenuza lamulo lonselo. Bambo a mtsikana ndi her father, mayi a mnyamata ndi his mother. Wophunzira amaona mother, n'kuganiza za mkazi, n'kulemba her. Waganiza bwino ndithu, kungoti wayang'ana munthu wolakwika. Funso loti timuzoloweze ndi limodzi: mwini wake ndani?

Tisaiwale kuti Cinyanja naco cili ndi kusiyanitsa kumene Cingerezi cilibe. Mtsikana akati "mlongo wanga" akunena mnyamata, mnyamata akatero akunena mtsikana, ndipo pakati pa abale ofanana timayang'ana msinkhu: mkulu ndi mng'ono. Kumasulira mlongo ngati sister nthawi zonse ndi kulakwitsa. Ana amakondwa akazindikira kuti pano cinenero cawo ndico cili ndi lamulo lakuya, ndipo ife tikuona kuti phunziro liyenera kuyambira pomwepa, m'Cinyanja, tisanalembe mawu a Cingerezi pa bolodi.

M'kalasi tingacite motere. Tiimike mtsikana ndi mnyamata kutsogolo, aliyense atanyamula buku. Anzawo anene poyamba m'Cinyanja: buku lake, buku lake. Tiwafunse ngati mlendo amene ali panja angadziwe mwini bukulo pomva mawu okhawo, ndipo ayankhe okha kuti sangadziwe. Kenaka tipereke her book ndi his book, tisinthanitse mabukuwo, anenenso. Akakhazikika, ticotse mabuku, tifunse za bambo a mtsikanayo ndi mayi a mnyamatayo, cifukwa apa m'pamene ambiri adzaterereka. Za ziweto, zimene eni ake nthawi zina amazichula he kapena she, ndi za sitima zapamadzi zimene mabuku ena amazicha she, tizisunge kufikira ana atagwira bwino his ndi her.